Mphuno ya Mayi Honorine

Apongozi anga, mayi Honorine Vialatte, sankamwa vinyo. Alendo akamva zimenezi amaseka, poti mayiwo anatha zaka zoposa makumi asanu akulawa vinyo pafupifupi tsiku lililonse. Koma iwo ankangopsontha pang'ono, n'kumuyendetsa m'kamwa, n'kulavulira mu ndowa. Pa chakudya ankamwa madzi.

Ndinawaona koyamba m'chaka cha 1989, tsiku limene mwana wawo Gaëtan ananditenga kukandionetsa kwawo. Ine ndinali mwana wa m'tauni ya Valence. Bambo anga ankagwira ntchito ya njanji, ndipo kwathu tinkadziwa mitundu iwiri yokha ya vinyo, wofiira ndi woyera. Mayiwo tinawapeza m'chipinda chapansi chosungiramo migolo, chimene pabanjapo ankangochitchula kuti kunsi. Anali munthu wamfupi, wowonda, wa zala zong'alukang'aluka. Anandipatsa moni, kenaka anandandalika matambula atatu pamwamba pa mgolo.

"Uyu ndi Grenache, uyu ndi Syrah, woyerayu ndi Roussanne. Lawani, mundiuze."

Ndinameza onse atatu, mmodzimmodzi.

"Onse ndi abwino, amayi."

"Onse ndi abwino," anabwereza motero, n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Gaëtan, wapeza mkazi waulemu. Ulemu sitiuthira m'botolo, komabe ndi chinthu chabwino kukhala nacho m'nyumba."

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, zambiri kuchokera kwa anthu ena, chifukwa iwo sankakonda kudzikamba. Anabadwira m'mudzi mwathu muno m'chaka cha 1938, m'banja lolima azitona. Mu Febuluwale wa 1956 kunagwa chisanu chimene okalamba sanachiiwale mpaka lero. Mitengo ya azitona inang'aluka makungwa, ndipo pofika Epulo bambo awo anali atadula mitengo yonse imene agogo awo anabzala. Pakhomo panalibenso ntchito ya mtsikana. Honorine, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anakalembedwa ku kopaletivi ya m'mudzi, kumene alimi onse ankapereka mphesa zawo. Anamulemba chifukwa cha kuwonda. Khomo la migolo ikuluikulu ndi laling'ono, ndipo pankafunika munthu wotha kulowamo ndi burashi.

Munthu wotsuka mgolo ali m'kati mwake amapuma chilichonse chimene mgolowo wasunga. Patatha zaka zitatu, mtsikanayo ankatha kudziwa mgolo wodwala asanaulowe. Tsiku lina anapita kwa bambo Doumenc, mkulu woyang'anira vinyo yense wa kopaletivi, amene anali atakhala ndi alimi anayi pakhonde.

"Bambo, vinyo wa mu mgolo wachinayi wayamba kutembenuka."

Alimi aja anaseka. Mmodzi anati, "Doumenc, konza katundu wako, burashi yakulanda ntchito." Bambo Doumenc anapita, analawa, sanapeze kanthu, ndipo anamuuza mtsikanayo kuti azisamala za madzi ndi burashi. Patatha milungu itatu mgolo wonse unali viniga.

Bambowo sanapepese, koma anasintha. Nthawi yolawa ikakwana, akuluakulu a kopaletivi atakhala patebulo, iwo ankaitana kuti, "Honorine, tabwera udzatsuke tambula iyi." Tambulayo inkakhala ndi vinyo. Mtsikanayo ankapita nayo pakona, n'kununkhiza, n'kulawa, ndipo pobweza tambula yotsuka ankanong'oneza mawu awiri kapena atatu. Kenaka bambo Doumenc ankakhosomola n'kunena maganizo awo. Zinayenda choncho zaka khumi ndi ziwiri. Mudzi wonse unkadziwa, koma mpando sanamupatse. Nditawafunsa tsiku lina ngati zimenezi sizinkawapweteka, anangoti, "Vinyo ankatuluka wabwino. Miyendo ndiyo inkawawa."

Bambo Évariste, amene anadzakhala amuna awo, anachokera kumtunda kwa mtsinje wa Rhône, ku mapiri a pafupi ndi Tournon. Anabwera kudzathyola mphesa chaka china, anabweranso chaka chotsatira, chachitatu sanabwererenso kwawo. Anali munthu wamtali, wamawu, woseka ndi mimba yonse. Kuno aliyense ankabzala Grenache, poti ndi mpesa wosaopa dzuwa kapena mphepo yathu ya kumpoto. Iwo anabweretsa mitengo ya Syrah ya kwawo n'kuibzala pamene kale panali azitona. Anthu anawanena mpaka kutopa, poti vinyo wa Syrah ndi wakuda bii.

"Akamwini, inki yanu ija yapsa? Ndikufuna kulemba kalata."

"Yapsa, achimwene, koma kaye muphunzire kulemba," iwo ankayankha choncho.

Mu 1971 banjali linasiya kupereka mphesa ku kopaletivi n'kuyamba kupanga vinyo wawowawo kunsi kuja, kumene kale ankasungirako mafuta a azitona. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mu Januwale panali tsiku losakaniza. Mgolo uliwonse ankaulawa paokha, kenaka n'kugwirizana kuti Grenache alowe wochuluka bwanji, Syrah wochuluka bwanji. Ine ndinayamba kuona zimenezi nditakwatiwa, ndipo ntchito yanga inali yothira ndi kutsuka matambula. Mafuta onunkhira ndinawasiya mlungu woyamba wa ukwati. Apongozi anandiuza kuti akundimva ndikadali pamasitepe.

Iwo ankayamba ndi Grenache, wofiira moyera, woti kuwala n'kumadutsamo. Ankati amanunkhira matcheri akupsa ndi zitsamba za m'phiri dzuwa likaziwomba, ndipo m'kamwa ndi wofewa, wofunda, wotsika pakhosi ngati alibe mlandu pamene mphamvu ali nazo zambiri. Syrah ndi wakuda, amasiya banga pa tambula. Ankamupezamo tsabola, mabulosi, nthawi zina nyama yowamba pa utsi, ndipo amagwira usinini n'kuumitsa lilime. Apa ndiye pankayambira mkangano.

"Grenache wanuyu alibe msana, mayi a Gaëtan. Zaka zitatu adzakhala atagona pansi."

"Nanga Syrah wanuyu? Munthu akamwa milomo imamatirira kumano ngati waona mzukwa."

"Onjezerani mgolo umodzi basi."

"Theka."

"Mwandipha."

"Mukadzafa tidzathira wonse."

Ankakangana mpaka nthawi ya chakudya chamasana, koma chomaliza chinkakhala cha amayi, ndipo bambo Évariste ankalemba ndi choko pa migolo zimene mkazi wawo wanena.

Roussanne anali wa amayi okha. Anamulawa koyamba pa ukwati wa mlamu wawo kumtunda kuja, ndipo fungo lake silinawachoke. Anabzala mizere makumi awiri pa kamunda ka miyala kuseri kwa phiri, aliyense akuwaletsa. Mpesa umenewu ndi wovuta. Mphepo ikawomba nthambi zimathyoka, chinyezi chikachuluka masamba amachita nguwi, ndipo mphesa zake zimapsa mosiyana, mbali ya dzuwa itachita dzimbiri mbali inayo ikadali yobiriwira. Bambo Évariste ankautchula kuti dona.

"Dona wanu uja wadwalanso. Ndikamuitanire dokotala kapena ansembe?"

Zaka zisanu ndi zitatu zinatha osapereka vinyo woti n'kuonetsa munthu. Chaka chachisanu ndi chinayi anapereka mgolo umodzi, wonunkhira uchi ndi mapichesi ndi maluwa ouma, wolemera m'kamwa ngati muli mafuta. Amayi anasunga mabotolo ena. Atatsegula limodzi patatha zaka zisanu, munalibe fungo lililonse, ndipo amuna awo anati aphikire nsomba. Iwo anakana, anati vinyoyo wangotseka pakamwa. Ine ndinalipo tsiku limene anatsegula lina, patatha zaka khumi ndi chimodzi. Fungo linadzaza khitchini. Bambo Évariste analawa, kenaka anavula chipewa n'kuchiika patebulo. Sananenenso za dona.

Bambowo anamwalira mu Ogasiti wa 2003, chaka cha kutentha koopsa. Anapita m'mawa kukaona ngati Syrah wapsa, ndipo Gaëtan anakawapeza atakhala pansi pakati pa mizere, atatsamira mtengo, mtima utaima. Chaka chimenecho mphesa zinapsa msanga. Tinawaika Lachinayi, Lolemba tinayamba kuthyola. Amayi anali oyamba kufika kumunda ndi mpeni wawo. Mu Januwale wotsatira analawa migolo yonse ali chete, ndipo pomaliza anauza Gaëtan kuti alembe Syrah yense, osasiyako ndi theka lomwe. Sanafotokoze, ife sitinafunse.

Mwamuna wanga ndi mlimi weniweni. Nthaka amaidziwa, mpesa wodwala amauona ali patali, thalakitala ikafa amaidzutsa yekha. Koma kunsi ankakhala mwana. Ankanunkhiza, ankalawa, kenaka n'kuyang'ana nkhope ya mayi ake. Iwo akagwedeza mutu, nayenso ankagwedeza. Palibe amene ankaona cholakwika, poti vinyo ankatuluka bwino chaka ndi chaka.

Mu Okutobala wa 2011, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, amayi anaterereka pamasitepe onyowa a kunsi n'kumenyetsa nkhongo pamwala. Anagona m'chipatala masiku anayi. Anatuluka akuyenda okha, akulankhula bwinobwino, ndipo tonse tinathokoza Mulungu.

Ine ndi amene ndinayamba kuona zachilendo, chifukwa khitchini tinali nayo imodzi. Msuzi wawo unayamba kuchuluka mchere. Anyezi anapserera iwo ali pomwepo akusenda mbatata. Mnansi wathu anatentha zinyalala, utsi unalowa m'nyumba, koma iwo, amene kale akanatuluka kukamuyankhula, sanadzutse n'komwe mutu. Ndinkadziuza kuti ndi kutopa. Ndiye m'mawa wina mu Novembala ndinalowa kukhitchini n'kupeza gasi akutuluka pa mbaula popanda moto, fungo lili tho, iwo ataima pafupi akudula buledi. Ndinatseka gasiyo, ndinatsegula mawindo. Titayang'anana, anaika mpeni pansi.

"Kuyambira liti, amayi?"

"Kuyambira kuchipatala."

"Palibiretu?"

"Palibe. Ngakhale khofi." Anapukuta manja pa epuloni. "Musamuuze Gaëtan. Mphunoyi ibwerera. Ndipatseni nthawi."

Ndinalonjeza. Miyezi iwiri ndinasenza nkhaniyo ndekha. Ndinkagona pafupi ndi mwamuna wanga ndikudziwa chinthu chimene iye anayenera kudziwa. Masana ndinkawaona amayi akutsikira kunsi okha, ndipo tsiku lina ndinawapeza ataika mphuno pa kamwa la mgolo, maso ali chitsinzinire, akukoka mpweya mobwerezabwereza. Ndinabwerera chakumbuyo asanandione.

Tsiku losakaniza linafika. Kunja mphepo ya kumpoto inkagwedeza zitseko. Tinatsika atatu nthawi ya m'ma naini, ine ndikuthira monga mwa masiku onse. Grenache anayenda bwino. Amayi ankamuyang'ana pa kuwala, n'kumuyendetsa m'kamwa nthawi yaitali kuposa kale, n'kunena za kufunda kwake ndi kulemera kwake. Za fungo sananene, ndipo Gaëtan sanazindikire. Tinafika pa Syrah. Mgolo woyamba unali wabwino, wachiwiri chimodzimodzi. Nditangotsegula wachitatu, fungo linandimenya: khola la akavalo, thukuta, chikopa chonyowa. Silinali lamphamvu kwambiri, koma linalipo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinali ndikununkhiza matambula ndisanawatsuke, popanda wondifunsa, ndipo ndinkadziwa kuti fungo limeneli likalowa mu vinyo wina limafalikira.

Ndinamuona Gaëtan akununkhiza. Nsidze zake zinakumana. Ananunkhizanso, kenaka anayang'ana mayi ake.

Amayi analawa, analavula. "Ali bwino. Wagwira bwino usinini. Lemba."

Gaëtan anatola choko. Ndinaima ndi botolo m'manja. Ndikanakhala chete, vinyo wa chaka chonse akanaonongeka. Ndikanalankhula, ndikanawavula apongozi anga pamaso pa mwana wawo. Choko chitakhudza mgolo ndinamva mawu anga akutuluka.

"Amayi, mgolo umenewu ukudwala."

Gaëtan anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Maryse, wayamba liti iwe?"

"Musiye," anatero amayi. Anakhala pansi pa kabenchi, anaika tambula pambali pawo. "Ukudwala chiyani?"

"Ukununkha khola, amayi. Ngati akavalo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Gaëtan, mphuno yanga inafa. Inafera pamasitepe paja. Miyezi itatu tsopano sindimva kanthu. Mkazi wako ankadziwa, ndine ndinamuletsa kukuuza, usamuimbe mlandu."

Mwamuna wanga anatsamira mgolo. Choko chinali chikadali m'manja.

"Bwanji osandiuza, amayi?"

"Ndinkachita manyazi. Koma ndiyankhe ichi. Fungo limene akunenali, iwe unalimva?"

Anazengereza. "Ndinalimva."

"Unalimva, n'kutola choko?"

"Munati ali bwino. Ndinaganiza kuti mphuno yanga ndiyo ikunama."

Sindinawaonepo amayi akulira, ngakhale pa maliro a amuna awo. Tsiku limenelonso sanalire, koma nkhope yawo inagwa mwa mtundu wina.

"Zaka makumi anayi ndi zisanu," anatero. "Mwamuna wa imvi, mphuno uli nayo, koma ukudikira yanga. Umenewu si mlandu wako. Ndine ndinakupanga chonchi. Ndinkayankha usanatsegule pakamwa."

"Amayi, musatero."

"Ndatero. Lemba mtanda pa mgolowo, ukhale paokha." Anatembenukira kwa ine. Zaka zonsezo ankanditchula kuti inu, monga mlendo wolemekezeka, koma apa anati, "Iwe Maryse, siya botololo. Tenga tambula, khala apa."

Tinayambiranso pa mgolo woyamba. Iwo anakana kunena chilichonse tisanalankhule ife. Ankafunsa Gaëtan kaye, kenaka ine, ndipo yankho laulesi sankalilola.

"Akununkhira zipatso," Gaëtan ankatero.

"Zipatso zanji? Pamsika pali zipatso zambiri."

"Matcheri."

"Ofiira kapena akuda? A mumtengo kapena ophika?"

Ankatikhaulitsa choncho mpaka tinene chinthu chogwirika. Tikatha, iwo ankalawa n'kutiuza zimene lilime linkawauzabe: kuti uyu ndi wowawasa pang'ono, uyu akutentha pakhosi, uyu akutha msanga m'kamwa, uyu akukhalitsa. Tinafika pa Roussanne dzuwa litapendeka, chakudya chamasana titachiiwala. Ndinawauza kuti ndikumva uchi, ndi kenakake konga tiyi wa maluwa, ndi khungu la pichesi. Anatsinzina akumvetsera, ngati munthu amene akuuzidwa za kumudzi kwawo kumene sangapitekonso.

"Uchiwo ndi wambiri?"

"Pang'ono, amayi. Uli kumbuyo."

"Ndiye tinathyola pa nthawi yake."

Pomaliza Gaëtan anafunsa kuti alembe chiyani. Amayi anaimirira, anatenga ndodo yawo.

"Choko chili ndi iwe," anatero, n'kuyamba kukwera masitepe.

Sindinama, vinyo wa chaka chimenecho sanali wabwino ngati wa kale. Gaëtan, poopa kuti angatuluke wofooka, anathira Syrah wambiri, ndipo anatuluka wouma, wokwiya. Mayi wina wophika ku malo odyera m'tauni yapafupi, amene ankatenga vinyo wathu kwa zaka zambiri, analawa n'kufunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli bwino. Amayi atamulawa m'botolo anati, "Wamanga nsapato zothina. Chaka chamawa udzamasula." Chaka chotsatira anamasuladi, ndipo ine ndi iye tinayamba kuyankhulana kunsi ngati anthu awiri ogwira ntchito imodzi.

Nkhani inafalikira m'mudzi, monga nkhani zimachitira. Ena anabwera ndi mankhwala: wina anati azinunkhiza mandimu ndi adyo m'mawa uliwonse, wina anati apite ku madzi otentha a kumapiri. Dokotala anati mitsempha ya fungo nthawi zina imamera, nthawi zina ayi. Amayi ankanunkhiza mandimuwo mokhulupirika, tsiku ndi tsiku, ataima pawindo.

Patatha chaka ndi theka, mu Meyi, fungo linabwerera. Tinali pa chakudya cham'mawa, ndikuthira khofi, iwo anadzidzimuka n'kukankhira kapu kutali.

"Chikupsa n'chiyani? Pali tayala likupsa."

Panalibe chimene chinkapsa. Anali khofiyo. Mitsempha inamera, koma inamera mokhota. Khofi, anyezi, nyama yowotcha, sopo, zonse zinkawanunkha mphira wopserera kapena chinthu chowola. Choipitsitsa chinali vinyo. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, anayesa kutsikira kunsi. Anafika pa sitepe yachinayi, anagwira pakamwa, anabwerera. Mlungu wotsatira anayesanso ndi Roussanne yekha, panja, pamphepo. Anayandikitsa tambula, anaibweza patebulo mofatsa, n'kuikankhira kwa ine. Kunsi sanatsikekonso mpaka imfa yawo.

Dokotala anati zimachitika, ndipo mwina zidzakhazikika. Sizinakhazikike. Kudya kunawavuta, anatsala ndi buledi, mpunga woyera, tchizi chosanunkha ndi maapozi. Munthu amene anali wowonda kale anatsala mafupa. Nthawi yothyola mphesa, pamene mudzi wonse umanunkhira vinyo wowira, ankapita kukakhala kwa mng'ono wawo kumapiri milungu itatu.

Koma sanakhale pansi. Anasamukira kumunda. Mphepo ya kumpoto ikamawomba fungo lililonse limauluka, ndipo masiku amenewo, amene ena tonse timadana nawo, ndiwo anali masiku awo abwino. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ankadulira mipesa, atavala mipango iwiri, mzere ndi mzere, pang'onopang'ono koma mosalakwitsa. Alimi odutsa pa thalakitala ankaima.

"Mayi Honorine, mphepo yotereyi ikunyamulani."

"Ikandinyamula mukanditole ku nyanja. Inu pitani mukadulire zanu, zikuoneka ngati tsitsi la wamisala."

Tsiku losakaniza ankakhala kukhitchini. Ife tinkatsika awiri, ndipo tikakwera ankatifunsa mgolo ndi mgolo, ife n'kumafotokoza. Sankaweruza. Nthawi zina ankangoti, "Hmm," ndipo Gaëtan ankabwerera kunsi kukalawanso.

Chaka chawo chomaliza miyendo inayamba kukana, ndipo ndinkawathandiza kusamba ndi kuvala. Tsiku lina masana ndikuwawenga zikhadabo pakhonde, ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati amamusowa vinyo.

"Vinyo ndinamumva mokwanira," anatero. "Ukudziwa chimene chimandiwawa? M'kabati mwanga muli chikhoti cha bambo a Gaëtan. Chichokereni iwo, m'mawa uliwonse ndinkatsegula kabati n'kuikamo nkhope. Zaka zisanu ndi zitatu anali akadali momwemo, fodya wawo, thukuta lawo. Nditachoka kuchipatala ndinathamangira kumeneko ndisanavule n'komwe nsapato. Ndi mmene ndinadziwira."

Ndinasiya kuwenga. Zimenezi sanauzepo munthu.

"Nanga mphuno itabwerera mokhota muja?"

"Sindinatsegule. Ndinaopa kuti nawonso anganunkhe tayala." Anatambasula dzanja lina kuti ndipitirize. "Pita ukanunkhize, undiuze ngati alimo. Usandinamize, ndimakudziwa ukamanama."

Ndinapita kuchipinda kwawo, ndinatsegula kabati. Chikhoticho chinali cha ubweya, chabulauni, chong'ambika pachigongono. Ndinaikamo nkhope nthawi yaitali. Munali fungo la matabwa a kabati ndi fumbi. Ndinabwerera pakhonde.

"Mulibe, amayi. Anachoka."

Anayang'ana kumunda. "Chabwino. Ndiye ndi chikhoti chabe. Ukampatse Firmin wa kumphero ya mafuta uja, ndamuona akuyenda ndi kajuzi kopyapyala."

Ndinakampatsa tsiku lotsatira, ndipo bamboyo anachivala nyengo yonse yozizira.

Amayi anadwala chibayo kumapeto kwa Febuluwale wa 2017. Anakana kupita kuchipatala, ndipo dokotala anavomera kuti azibwera kunyumba. Masiku awo omaliza ankagona kwambiri. Akadzuka ankafunsa ngati mvula yagwa, ngati Gaëtan wadya. Anamwalira pa 9 Malichi, Lachinayi, nthawi ya m'ma teni m'mawa, ine nditawagwira dzanja, mwana wawo ataima kumiyendo kwa bedi ndi nsapato zake za kumunda.

Pa maliro tchalitchi chinadzaza, ena anaima panja. Kunabwera alimi a m'midzi ina amene sindinkawadziwa, ndipo kumanda angapo anandiuza kuti mayiwo anawapulumutsirapo vinyo wawo chaka chakutichakuti. Munthu ankabwera ndi botolo m'thumba, kulowera khomo la kuseri, iwo n'kununkhiza n'kumuuza chochita, osauzako wina aliyense. Ngakhale Gaëtan zambiri mwa izi sankazidziwa.

Tinawaika Loweruka, pafupi ndi amuna awo. Lolemba kunagwa mvula tsiku lonse, kumunda kosapitika. Ine ndi Gaëtan tinakhala kukhitchini kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osadziwa chochita ndi manja athu.